Mfuti m'nyumba: kuyankha achemwali a ku Limbuli

Sabata yatha ndalandira imelo yochokera kwa achemwali ena a cha ku Limbuli, dzina sinditchula. Akuti bambo akunyumba ali ku Joni chaka chachitatu tsopano, iwo atsala ndi ana atatu komanso kagolosale komwe amapangiramonso za Airtel Money ndi Mpamba, ndiye mwezi wathawu aneba awo anathyoleredwa usiku ndi anyamata a zikwanje mpaka bambo a m'nyumbamo anasokedwa m'mutu. Bambo akunyumba aja pa foni akuti gula mfuti ndalama nditumiza, ndipo kwapezeka kale munthu amene akuti atha kuwapezera yotchipa kuchokera kutsidya. Funso lawo ndi loti mfuti yabwino yosunga m'nyumba ndi iti, yoti iwateteze kwa akuba komanso pa nthawi ya mavuto ngati ija ya namondwe wa Freddy.

Achemwali, choyamba pepani ndithu. Mantha amenewo ndimawadziwa, kugona mtima uli m'mwamba, galu akangouwa inu dzambatu, mphepo ikagwedeza lata inu mwadzuka kale. Ine ndinagwirapo ntchito ya ulonda pa esiteti ina ya tiyi konkuno kwa zaka zingapo, mfuti ndinainyamulapo usiku wambiri, nde zimene ndikuuzenizi sikuti ndangozimva pa wayilesi ayi.

Tiyambe ndi munthu wa mfuti yotchipayo. Mukaneni lero lomwe, ndipo nambala yake musaisungenso. Ife a m'malire muno tikudziwa komwe mfuti zoterozo zimachokera, nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992 koma zida zake sizinathe, zina zinakwiriridwa, zina zinawoloka Ruo ndi Muloza m'matumba a chimanga, ndipo kwathu konkuno nthawi ya Operation Bwezani mu Disembala 1993 pomwe asilikali ankalanda zida a payoniya, si zonse zinabwezedwa. Mfuti yoyenda mwamseri simudziwa inapha ndani. Tsiku lomwe apolisi adzaipeze pansi pa bedi panu mlandu wosunga mfuti popanda chilolezo ndi wanu, ndipo ikakhala kuti inagwirapo ntchito pa umbanda wina mafunso amenewonso adzagwera inu, amene anakugulitsaniyo ali phee kwawo. Komanso taganizani, munthu ameneyo ndiye adzakhale woyamba kudziwa kuti m'nyumba mwanu muli mfuti, muli ndalama za Airtel Money ndi Mpamba, ndipo mulibe mwamuna. AK-47 ndi chida cha nkhondo, munthu wamba sapatsidwa chilolezo chake, nde imeneyo tisakambe n'komwe. Gogodera zosula kumudzi zija nazonso ayi, zimaphulikira mwini wake kumaso.

Njira yake ndi imodzi basi, kupolisi. Dziko lino lili ndi lamulo la mfuti, Firearms Act, ndipo chilolezo chimadzera ku Malawi Police Service. Mumayambira pa polisi ya boma lanu, kwa inu ndi pa Mulanje boma, mumalemba mafomu, mumafotokoza chifukwa chomwe mukuifunira, amakufufuzani mbiri yanu, ndipo atha kukukanani. Chilolezocho ndi cha munthu mmodzi ndi mfuti imeneyo, sikuti bambo akatenga m'dzina lawo ndiye kuti inu, mlamu wanu ndi mnyamata wa m'golosale nonse mwaloledwa. Nthawi yake ikatha mumakalipiranso. Sizichitika sabata imodzi, nde ngakhale mutaganiza zotenga njira imeneyi mukufunikabe china chokutetezani usiku wa lero.

Tsopano funso lanu lenileni, mtundu wanji. Ndikuyankhani mosabisa. Anthu ambiri akamaganiza za mfuti ya m'nyumba amaona pisitolo, kamfuti ka m'manja kaja, poti nkakang'ono kosavuta kubisa. Koma pisitolo ndi mfuti yovuta kwambiri kulasa nayo, mpope wake ndi waufupi, dzanja likangonjenjemera pang'ono chipolopolo chapita kwina, ndipo usiku muli ndi mantha dzanja limanjenjemera ndithu, ngakhale la munthu wophunzitsidwa. Kuchepa kwakeko ndi komwenso kumachititsa kuti mwana aitole mosavuta ndipo wakuba aiike m'thumba nkumapita. Raifo, mfuti yaitali yosakira nyama ija, m'mudzi ngati mwathu muno siyoyenera n'pang'ono pomwe, chipolopolo chake chimatha kuyenda mtunda woposa kilomita, chimaboola chitseko, lata, zenera, nkukapeza munthu ali mtulo kwa aneba. Kuno ku Mulanje ndi Thyolo malo ndi ochepa, minda ya tiyi inatenga malo ambiri, nyumba zathu n'zothithikana, mukaombera kulikonse kuseri kwakeko kuli munthu.

Yomwe imatsala ndi chifefe, shotigani, ngati ma Greener amene alonda ambiri amanyamula aja. Ngati munthu wafika poti mfuti akhala nayo basi, ine ndingamuuze ya mtundu umenewu, makamaka yothyola pakati, ya mpope umodzi kapena iwiri, chifukwa ndi yosavuta kuimvetsa, ukaithyola umaona ndi maso ako ngati muli katiriji (chipolopolo chake) kapena mulibe, zoonongeka ndi zochepa, ndipo timachaka take, timibulu tomwe timatuluka ikalira, sitipita kutali ngati chipolopolo cha raifo. Koma musamve ngati ndi choseweretsa. Ya mpope waukulu, yomwe amati 12 bore, imakankha phewa mwamphamvu moti munthu wosazolowera imamugwetsa chagada, m'chipinda phokoso lake limagonthetsa makutu, ndipo zoti chifefe sichiphonya ndi bodza, pafupi ngati m'nyumba timachakato timatuluka tili pamodzi, ungathe kuphonya bwinobwino, ndipo chitseko cha matabwa kapena siling'i sizingatitchinge.

Apa ndiye pamene ndikufuna mukhale pansi muganize bwino, chifukwa walira mvula walira matope. Muli ndi ana atatu. Mfuti m'nyumba ya ana imayenera kukhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, lomangiriridwa kukhoma, ilibe katiriji mkati, makatiriji ali pena pokhomanso, kiyi ali pathupi panu. Pansi pa matiresi si pobisa, pamwamba pa wadiropu si pobisa, ana amadziwa ngodya iliyonse ya nyumba kuposa ife makolo, ndipo mnyamata wa zaka khumi akaiona adzafuna akaonetse anzake. Nde taonani vuto lake: mfuti yosungidwa bwino imatenga nthawi kuti muitulutse, pomwe yosungidwa pafupi kuti muitenge msanga ndi yomwe imapha mwana. Palibe amene anathetsa vuto limeneli, aliyense wosunga mfuti amangosankha mbali yomwe alolere kuluza. Onjezani chinyezi chathu chino, chiperoni chikagwa masiku anayi chitsulo chimachita dzimbiri, makatiriji akanyowa amakana kulira, mfuti imafuna kupukuta ndi kudzoza mafuta kawirikawiri. Imafunanso kuphunzira kwa munthu wodziwa, osati kamodzi, mpaka malamulo ake alowe m'magazi: mfuti iliyonse uziyesa kuti ili ndi katiriji, usaloze munthu amene sukufuna kumupha, chala chisakhale pokhethemulira mpaka nthawi yoombera, ndipo usaombere chinthu chimene sunachione bwino.

Lomalizali ndi lomwe limandisowetsa tulo mpaka lero. Usiku wina ndili pa ulonda kunja kuli nkhungu yoti dzanja lako suliona, ndinamva munthu akubwera m'tiyi mwakachetechete, ndinakuwa kawiri osayankha, mfuti ndinali nditaikweza kale paphewa. Mulungu yekha ndiye anandigwira dzanja. Anali mwana wa mnzanga wa ntchito, kamnyamata kosamva bwino, kamabwera kudzaitana bambo ake poti mayi ake matenda anakula. Ndinakhala pansi pomwepo miyendo itafooka. Anthu amene amagogoda kapena kuyenda kuseri kwa nyumba usiku, ambiri mwa iwo si akuba, ndi mlamu woledzera wasochera khomo, ndi mwana wanu wapita kuchimbudzi, ndi mneba akufuna thandizo, ngakhale bambo omwewo atabwera kuchokera ku Joni osanena kuti akudzidzimutseni.

Ndipo ife a ku Mulanje tisaiwale zomwe mantha anatichitira mu 2017, nthawi ya mphekesera za anamapopa. Zinayambira konkuno nkufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, anthu ankagona panja m'magulu, misewu inatchingidwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake kuno, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi miyala ndi zibonga chabe chifukwa anali achilendo. Ndimadzifunsa kuti zikanakhala bwanji khomo lililonse likanakhala ndi mfuti nthawi imeneyo. Dziwaninso kuti lamulo limalola kudziteteza koma ndi mphamvu yolingana ndi choopsacho. Kuombera munthu amene akuthawa ndi nkhuku kapena wailesi yanu si kudziteteza, mudzakagona m'chitokosi ndi kukayankha kukhoti, ana atsala okha.

Za Freddy zija ndiye ndikuuzeni mosapsatira, mfuti sikanapulumutsa munthu ndi mmodzi yemwe. Mu Malichi 2023 chomwe chinatipha ndi madzi, matope ndi miyala yotsika m'mapiri usiku, anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno, oposa theka la miliyoni anasowa pokhala, milatho inakokoloka, kuno kwathu madera ena anakhala masiku osafikika ndi galimoto. Akuluakulu amakumbukanso napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991. Pakati apa panadutsa namondwe wa Idai mu 2019, anamondwe a Ana ndi Gombe mu 2022, ndi kolera ya 2022 mpaka 2023 yomwe inatenga anthu oposa 1,700. Amenewa ndiye adani amene amabwera kwathu kuno mobwerezabwereza. Ena mwa amene anapulumuka ndi amene anamva chenjezo la a zanyengo pa wayilesi nkusamuka kusanade, ndi amene anadzutsidwa ndi aneba.

Nde ndalama zomwe bambo akufuna kutumizazo ine ndikanazigawa chonchi. Chitseko choyamba, chifukwa nyumba zambiri akuba amalowa ndi mwala umodzi, felemu ndi yofooka. Ikani chitseko chachitsulo chokhala ndi mipiringidzo iwiri mkati, ma burglar bar m'mazenera koma zenera limodzi likhale lotsegukira mkati kuti moto kapena madzi zikabwera mutuluke, ndipo chipinda chogona chikhale ndi chitseko chakechake cholimba choti inu ndi ana mudzitsekere mukuimba foni. Magetsi a sola oyaka okha munthu akadutsa aja ndi otchipa masiku ano ndipo sadikira ESCOM. Agalu awiri odyetsedwa bwino. Wezulo pakhosi panu ndi pa mwana wamkulu, ndi kugwirizana ndi aneba kuti ikalira aliyense atuluke akuimba yake ndi kumenya zidebe, akuba amaopa phokoso ndi kuwala kuposa china chilichonse chifukwa ambiri ndi anthu oti mudzi ukuwadziwa nkhope. Pitani kwa amfumu mufunse za gulu la community policing la m'mudzi mwanu, ngati linafa lidzutseni, muzisonkha kangachepe ka mabatire a matochi. Sungani 997 m'foni komanso nambala ya wapolisi wa pa yuniti yapafupi ndi ya wapampando wa gululo.

Koma chachikulu kwa inu achemwali ndi ndalama za shopu. Chomwe chimaitana zikwanje ndi mbiri yoti m'nyumba umo mumagona ndalama. Muzitseka kukadali kowala, ndalama zambiri zisanduke float, ndalama za m'foni zija, kapena zikalowe kubanki, ndipo anthu azidziwa kuti simupita nazo kunyumba. Zoti bambo atumiza ma randi musamakambe pa chigayo kapena pa mjigo, ngakhale kwa abale ena, ndipo anawo muwauze. Akuba atalowa ndithu, Mulungu asalole, apatseni zomwe akufuna, musalimbane nawo ana ali pomwepo.

Kenako konzani chikwama chimodzi chokhala pafupi ndi khomo kuyambira Novembala mpaka Epulo: ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala a ana, makhadi a sukulu ndi mapepala a malo, zonse mu jumbo yomanga bwino, mankhwala amene wina amamwa tsiku ndi tsiku, tochi, pawabanki yodzaza, kawayilesi ka mabatire, WaterGuard, mapaketi a Thanzi ORS, machesi, zitenje ziwiri ndi ndalama pang'ono za m'manja poti netiweki ikagwa Mpamba sagwira. Anawo adziwe kuti madzi akabwera usiku tikuthawira kuti, kusukulu kapena kutchalitchi chiti chomwe chili pamtunda, ndipo muyende nawo njirayo masana kamodzi kuti aidziwe. M'mudzi mwanu muyenera kukhala komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi yomwe imalumikizana ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zoterezi, kudzera kwa DC, adziweni anthu ake.

Mukachita zonsezi ndipo mtima ukadali pa mfuti, dikirani bambo abwere pa holide, mupite limodzi kupolisi pa boma mukafunse za chilolezo cha chifefe, bokosi lachitsulo ligulidwe mfutiyo isanalowe m'nyumba, ndipo amene dzina lake lili pa chilolezo akhale yemwe amagona m'nyumbamo. Pakadali pano auzeni atumize ya chitseko ndi magetsi a sola, welda wa pa Limbuli pomwepo atha kuyamba Lolemba. Mundilemberenso mundiuze mmene aneba anu aja akupezera.