Makina anga owotcherera akuzima okha ku Moatize: ndidule kawaya komva kutentha?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wa ku Domwe, ku Angonia, amene anatsikira ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kukatsegula shedi yowotcherera mageti ndi mazenera. Akuti makina ake ndi aang'ono aja a inveta, olembedwa 200A kutsogolo. Ali kwawo m'mwezi wa Juni ankakonzera ngolo tsiku lonse popanda vuto, koma kumene aliko pano akangotentha maeletrodo (tindodo towotcherera) anayi kapena asanu, kagetsi kachikasu kamayaka, moto n'kuzima. Mnzake wina wamuuza kuti atsegule makinawo adule kawaya kamene kamazimitsako, ndiye akufunsa ngati amulole. Kumapeto kwenikweni kwa kalatayo wawonjezera kuti mwana wa achemwali ake, amene amamugwirira zitsulo, maso akumamupweteka usiku, akumamuika mbatatesi koma zikumabwereranso.

Achimwene, kawayako musakadule. Kagetsi kachikasuko si matenda. M'kati mwa makinawo muli kachipangizo komva kutentha, kanamatidwa pa chitsulo cha aluminiyamu chimene chimaziziritsa matransista. Kutentha kukafika poti ziwalozo zingapse, kachipangizoka kamadula moto, fani n'kupitiriza kuzungulira. Mukakadula, makina agwiradi ntchito osapuma, mwina sabata, mwina tsiku limodzi lokha, kenako mudzangomva phu! ndi kafungo ka pulasitiki wopserera. Bolodi ya zamagetsi ya m'katimo ikapsa chonchi, ndalama zoikonzera nthawi zambiri zimayandikira mtengo wa makina atsopano.

Tembenuzani makinawo muone kumbuyo kapena kunsi kwake. Pali kachikwangwani ka manambala, pamene pali chilembo X ndi maperesenti monga 35%, 60% ndi 100%, ndipo pansi pa peresenti iliyonse alembapo maampeya ake. Amawerengera pa mphindi 10. Tiyerekeze kuti palembedwa 60% pa 120A: ndiye kuti pa moto umenewo muwotcherere mphindi 6, makina apume mphindi 4. Nambala ikuluikulu ya 200A ili kutsogolo ija imakhala ya peresenti yotsikitsitsa, ndipo makina ena otsika mtengo safika n'komwe pa nambala imene analembayo. Makampani odalirika amayesa zimenezi pa kutentha kwa madigiri 40. Tsono taganizirani: ku Angonia mu Juni munthu amayamba ntchito atavala jekete, pamene kumunsi kwanuko m'chigwa cha Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira 40 ngakhale pamthunzi, nanji pansi pa denga la malata masana. Makina ndi omwewo, koma mpweya umene fani ikukoka kuti iziziritsire ndi wotentha kale.

Chochita n'chosavuta. Makina azikhala pamthunzi, pa tebulo kapena pa kabokosi, osati pa dothi, ndiponso atalikirane ndi khoma kuti mpweya uziyenda. Akazima okha musathamangire kuthimitsa swichi, asiyeni fani izizungulira mpaka kagetsi kazime. Komanso onani moto umene mukuika. Eletrodo ya mtundu wa 6013 yonenepa mamilimita 2.5 imafuna pakati pa 60A ndi 90A, ya 3.2 pakati pa 90A ndi 130A. Mapaipi opyapyala a mageti, 2.5 imakwana. Ambiri timapotokola batani mpaka kumapeto pofuna kuti eletrodo isamamatire, pamene chikuimamatiritsa ndi masa (chopanira cha nthambo ya ethi) amene tapana pa utoto kapena pa dzimbiri, kapena maeletrodo amene anamwa chinyezi. Palani pamene mukupana masa pawale, ndipo maeletrodo musunge mu paipi ya pulasitiki yotseka mbali zonse. Kuwotcherera kwenikweni muzichita m'mawa, masana muzidula ndi kuyeza.

Koma ine chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi fumbi. Ndinatsegulapo makina a mnzanga amene ankazimazima chimodzimodzi. Zipsepse za aluminiyamu zija sizinkaoneka, zinali zitakutidwa ndi fumbi lakuda lokandapala ngati mwaye wa kudenga kwa khitchini, ndipo nditayendetsapo maginito, tizitsulo tinanyamuka ngati tsitsi. Anali ndi chizolowezi chogwiritsa galayinda pafupi, moto wothetheka ukulunjika kumene fani imakokera mpweya. Fumbi la chitsulo limayendetsa magetsi, likakhala pa bolodi limalumikiza timizere tosayenera kukhudzana. Inu ku Moatize muli ndi fumbi la malasha lowonjezera pamenepo. Kamodzi pamwezi zulani pulagi, dikirani mphindi zingapo chifukwa makapasita amasunga magetsi ngakhale mutazula, tsegulani chivundikiro, mupemerere ndi mpweya wouma wa kompuresa yopopera matayala, mutataliikitsako payipi ndipo fani mutaigwira ndi kamtengo kuti isazungulire mopenga. Madzi kapena nsalu yonyowa zisafikeko.

Nthambo yobweretsa magetsi nayo ili ndi gawo lake. Magetsi athu ndi a 220V, koma kumapeto kwa mzere wa magetsi mu bairo (dera la m'tauni lokhalamo anthu), makamaka madzulo anthu akayatsa zinthu, amafika atafooka, ndiye mukawadutsitsanso mu kanthambo kowonda ka wailesi kotalika mamita 30, makina amakoka mwamphamvu n'kutentha msanga. Waya asachepere 2.5 mm², ukakhala mtunda wautali 4 mm², ndipo musamausiye uli wokulunga pa gudumu, uvundukuleni wonse. Gwirani pulagi mukatha eletrodo zingapo: ikatentha, penapake palekera. Ngati mukugwiritsa jenereta, iyambe yalira n'kukhazikika musanayatse makina, ndipo makina azime kaye musanaithimitse.

Tsopano za mnyamatayo, zimene inu mwaziika kumapeto koma ine zandikhudza kuposa za makina. Akupsa maso. Kuwala kwa moto wowotcherera kuli ndi cheza cha UV chimene chimawaula khungu lapamwamba la diso, ndipo ululu subwera nthawi yomweyo, umabwera pakadutsa maola 6 mpaka 12. N'chifukwa chake masana amaseka bwinobwino, usiku n'kudzuka misozi ili chuchuchu, zikope zosatseguka, ngati wina wamuthira mchenga m'maso. Ndinazionapo ndekha ndikuphunzira ntchito, ndinachezera nditakhala pamphasa, ngakhale kuwala kwa koloboyi kunkandilasa. Wogwirira zitsulo ndiye amapsa kwambiri kuposa wowotcherera, chifukwa bwana ali ndi masikara (chigoba chotchinga nkhope powotcherera), iye amangouzidwa kuti "tseka maso", ndipo moto umayamba asanatseke, kapena umamupeza cha m'mbali atatembenuka. Magalasi akuda adzuwa a pamsika sathandiza kanthu pa ntchitoyi.

Mbatatesi imangoziziritsa zikope, sichiza, ndipo madzi ake asalowe m'diso. Mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, masamba ofinya, zonsezi zingalowetse tizilombo pa diso limene lili kale ndi bala. Agone m'chipinda chamdima, aike nsalu yoyera yonyowetsa m'madzi ozizira pa zikope zotseka, amwe panado, asatikite. Kawirikawiri zimapola pa tsiku limodzi kapena awiri. Zikapitirira pamenepo, kapena akaona mwachimbuuzi, kapena mukakayikira kuti mwalowa kachitsulo, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, musayese kukachotsa ndi kamtengo ka machesi. Mankhwala odontheza ochititsa dzanzi aja musamagule kuti azidontheza kunyumba, amachedwetsa kupola ndipo angawononge diso. Kupsa kobwerezabwereza kotereku kumafulumizitsa ng'ala, ndiye inu monga malume ake, achemwali anu anakupatsani mwana woona, mumugulire masikara akeake. Galasi lakuda likhale la nambala 10 kapena 11, kutsogolo kwake kukhale galasi loyera lotchinga limene muzisintha likachita timadontho. Pogogoda nkhanambo ndi pogwiritsa galayinda, nonse muvale magalasi oyera. Imikaninso lata kapena thabwa mbali ya kumsewu, ana a sukulu amakonda kuima n'kumayang'anitsitsa moto wabuluuwo.

Kutentha kwa kwanuko kuli ndi ngozi ina. Makina akayaka koma musanakhudze chitsulo, pakati pa eletrodo ndi masa pamakhala mavoti 50 mpaka 80. Pa dzanja louma mumangomva kunyerenyetsa, koma thupi lonyowa ndi thukuta, mutavala mapatapata, mutatsamira geti limene mwapana masa, magetsi omwewo angadutse pamtima. Musasinthe eletrodo ndi dzanja lopanda golovesi, musapanire chogwirira kukhwapa, ndipo magolovesi akanyowa sinthani. Nthambo yosupuka musaimange ndi jumbo. Malaya akhale a thonje a manja aatali, a nayiloni amasungunukira pakhungu. Ndikudziwa kuti mu Novembala zimenezi n'zowawa kuvala, komabe valani.

Mapaipi a galavanaizi amatulutsa utsi woyera wa zinki umene umadwalitsa usiku ngati malungo, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi. Mkaka umene anthu amamwa suteteza. Palani zinki pamalo owotcherera, gwirani ntchitoyo panja, mutu wanu usakhale pamwamba pa utsi. Ndipo wina akabwera ndi mgolo kapena thanki ya njinga yamoto imene munali petulo, ngakhale alumbire kuti anatsuka, mubwezeni: chimaphulika ndi mpweya wotsalira, osati mafuta amene mukuwaona.

Mukatsegula makina anuwo n'kuchotsa fumbi, yang'anani ngati fani ikuzungulira mwamphamvu mukayatsa. Ikamachita ulesi kapena kulira kwee, sinthani fani yokhayo, ndi yotsika mtengo. Munditumizire chithunzi cha kachikwangwani ka manambala kaja ndi kutalika kwa nthambo yanu, ndidzakuuzani moto woyenera kuika. Mundiuzenso mmene maso a mnyamatayo alili.