Kuloweza matanthauzo sikukhozetsa Chingerezi

Mtsikana wina wa Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Luchenza wandilembera imelo. Akuti: "Madamu, matanthauzo a simile, metaphor, personification ndi ma tense onse ndinaloweza, koma mayeso akabwera sindikhoza. Ndikulakwitsa pati?"

Mng'ono wanga, nkhawa yakoyo ndi yomveka, paja MANEB sipereka satifiketi ya MSCE kwa amene walephera Chingerezi, ngakhale maphunziro enawo atawakhoza bwanji. Koma wochonga mayeso safuna kumva ukulakatula tanthauzo. Amafuna aone ngati chinthucho ungachizindikire m'chiganizo n'kuchigwiritsa ntchito wekha.

Tiyambire pa galamala. Zolakwa zambiri zomwe ndimakumana nazo m'makope a ana a kuno si zaumbuli ayi, zimachokera ku Chichewa chomwe chili m'mutu. Ife timati "Amayi anga amagulitsa nthochi pa Bvumbwe." Taona "a-" wa pa "amagulitsa": akubwereza mwininkhani pa mneni. Mwana akamalemba Chingerezi dzanja limafunabe kubwereza, ndiye amalemba "My mother she sells bananas." Chingerezi chimatchula mwininkhani kamodzi basi: "My mother sells bananas." Ka "s" ka kumapetoko usakaiwale, mwininkhani akakhala mmodzi yemwe si "I" kapena "you". Ndipo poti "iye" wathu sasankha mwamuna kapena mkazi, ukamaliza chimangirizo bwereranso uone "he" ndi "she" aliyense ngati akuloza munthu woyenera. Malikisi amatayika pamenepa mopweteketsa mtima.

Ma tense nawo usawaope. Ukafika pa siteji n'kumva kuti "basi yapita," ukudziwa kuti watsala pomwepo, nkhaniyo ikukukhudza panopa. Imeneyo ndiye "The bus has gone." Koma "basi inapita m'mawa" ndi nkhani yotha: "The bus went in the morning." Msampha uli apa: pocheza timatha kunena "ndabwera dzulo" ndipo palibe amatidzudzula, pomwe Chingerezi chimakana "I have come yesterday." Ukangotchula nthawi yodutsa, monga "yesterday" kapena "in 2023", lemba "I came."

Za literature ndiye ndimadandaula kwambiri, chifukwa ana athu amaziona ngati zachilendo pamene anakulira momwemo. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, akuluakulu ambiri ankati Napolo wadutsa, ena ankati phiri lakwiya. Phiri ndi miyala ndi dothi, silikwiya. Kulipatsa mtima wa munthu choncho ndiye personification yomwe ukuilowezayo. Mlakatuli Steve Chimombo anatenga Napolo yemweyu n'kumulowetsa m'ndakatulo zake za Chingerezi, ndipo kwa iye sanali chinjoka cha pansi pa phiri chokha, ankaimira mphamvu zosesa miyoyo ya anthu popanda wozifunsa. Chinthu chikamaimira china chachikulu motero, ndiye symbol.

Tsono pa mayeso, kungolemba kuti "this is personification" ndi theka la yankho. Theka linalo, lomwe ambiri amalisiya, ndi kufotokoza chimene mawuwo akuchita. Kunena kuti phiri lakwiya kukuonetsa mantha a anthu, kuchepa mphamvu kwawo, mwinanso maganizo oti pali chimene tinalakwira chilengedwe podula mitengo. Tchula chipangizocho, kopera mawu enieni a m'ndimeyo, kenako nena chomwe akukupangitsa kumva. Simile ndi metaphor zisakusokoneze: yoyambayo imakhala ndi "like" kapena "as", inayo imangonena kuti ichi ndi icho.

Sabata ino usatsegule tsamba la matanthauzo lija. Lemba ndime imodzi ya Chingerezi yofotokoza zomwe umaona podutsa m'minda ya tiyi popita kusukulu, muli mneni wa "has" kapena "have", wina wa nthawi yotha, ndi personification yako yako. Uiwerenge mokweza, ukonze pomwe lilime lakhumudwa, kenako unditumizire ndiione.