Musawagulire tranexamic acid, apite kuchipatala lero

Mayi, mwafunsa ngati mungawagulire achemwali anu tranexamic acid ku famase, poti anawadula chifu ku India masiku 9 apitawo kuti achepe thupi, ndipo tsopano chimbudzi chawo chikuda. Musagule. Pitani nawo ku Kamuzu Central lero lomwe, mapepala onse a ku India ali m'manja, ndipo asadye kanthu ponyamuka chifukwa mwina awaunika m'mimba.

Mankhwalawa si oipa ayi, ndi omwe aja amapulumutsa amayi otaya magazi pobereka. Koma ntchito yake ndi imodzi basi: kuletsa thupi kusungunula magazi amene agwirana kale pabala. Pa opaleshoni yotereyi madokotala ena amapereka 1 g mumtsempha, pang'onopang'ono kwa mphindi 10, chifukwa akathamangitsa BP imagwa. Mtsempha umene ukuchucha pamzere wosokedwa wa chifu, kapena chilonda chimene chabuka m'katimo, piritsi silingatseke. Pamafunika kuyeza Hb (mlingo wa magazi m'thupi), kulowetsa kamera kudzera kukamwa, mwinanso kuwonjezera magazi.

Ndiye pali mbali ina imene ambiri amaiwala. Munthu wathupi, wongochoka kumene kufiyeta, wakhalanso pampando wa ndege maola ambirimbiri, magazi ake sachedwa kuundana m'mwendo n'kukatseka m'mapapo. N'chifukwa chake anawapatsa majakisoni a Clexane obaya pamimba aja, oletsa magazi kuundana, kawirikawiri 40 mg. Kumwera tranexamic acid pamwamba pake mwa inu nokha n'kuika moyo pachiswe, makamaka ngati magazi anawaundanapo kale, ali ndi khunyu, kapena impso zawo n'zofooka. Jakisoni wa lero asabaye kaye mpaka dokotala awaone. Zosiyiratu kapena kupitiriza anene ndi iyeyo.

Mapiritsi a ayironi nawonso amadetsa chimbudzi, zoona, koma cha magazi sichisokoneza: chimada bii ngati phula, chimamata, fungo lake ndi loipa zedi. Agwireni padzanja muwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu. Kukaposa 120 ali chikhalire, akamachita chizungulire poimirira, m'kati mwa zikope mukayera, kapena akasanza zooneka ngati nsenga za khofi, za minibasi musiye, pezani galimoto.

Afunseninso bwinobwino zimene akhala akumwa akamva kupweteka. Brufen, diclofenac, Indocid ndi aspirin zimakanda chifu chimene chikupola, ndipo anthu amamwa osaziwerengera ngati mankhwala. Wololedwa ndi Panado. Omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu amene anawalembera, asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndipo mapaketi onsewo muwatengere kuti dokotala aone.