Achemwali, ine amene anandigwira dzanja usiku umenewo anali Msilamu

Achemwali nkhani yanuyi, yoti inu Mkhristu muli pa chibwenzi ndi mnyamata wachisilamu, yandikhudza pabala penipeni. Ndawerenga makomenti onse amene akuti musiyeni mnyamatayo poti ndi Msilamu, eti munthu wachipembedzo china sangakhale ndi mtima wabwino, mpaka manja akunjenjemera pamene ndikulemba pano. Ine ndine Mkhristu, ndinabatizidwa kalekale ndipo mpaka lero ndimapemphera, ndiye wina asanene kuti akuyankhulayu ndi wachikunja ayi.

Mwana wanga woyamba amadwala khunyu kuyambira ali ndi zaka 4. Kuchipatala anatipatsa mapilisi aja a phenobarbitone, kumwa tsiku lililonse madzulo, ndipo zimayenda bwino, amatha miyezi ingapo osagwa. Ndiye mayi wina amene timayimba limodzi kwaya ananditengera kwa mneneri wina, akuti ali ndi kudzoza kwamphamvu. Bambo aja anangomuyang'ana mwana n'kutsegula Maliko 9, pa mnyamata uja amagwa pansi n'kumatuluka thovu kukamwa, akuti mayi awa si matenda ndi chiwanda, ndipo mapilisi amenewa akusonyeza kuti simukhulupirira, Mulungu sagawana ulemerero ndi botolo la mankhwala. Anandiuza ndiwataye pamaso pa anthu onse. Ndinawataya ndi dzanja langali. Anthu anawomba m'manja, ena kulira, ine ndikumva ngati ndapambana nkhondo.

Usiku wa tsiku lachinayi mwana anayamba kugwa cha m'ma 11 koloko. Ine ndinazolowera kuti zimatenga mphindi ziwiri n'kusiya, koma tsiku limenelo sizimasiya, akati apume pang'ono zayambiranso, thupi lonse gwa ngati thabwa, maso atembenuka kukuoneka koyera kokha, wadziluma lilime magazi pa pilo, wadzikodzera, milomo ikuyamba kuda. Ndinawayimbira mneneri aja katatu, kachitatu ndi pomwe anayankha ndi mawu atulo, akuti musaope mayi ndi chiwanda chikutuluka chimenecho, mudzozeni mafuta aja pachipumi. Ndipo ndinamudzozadi, anthuni. Mwana akundifera m'manja ine ndili kalikiliki kupaka mafuta n'kumakuwa tuluka tuluka. Ndikakumbukira pamenepa mpaka pano tulo sitibwera. Aneba ndi amene anamva kukuwako n'kubwera ndi galimoto, sanandifunse n'komwe, anangomunyamula.

Titafika kuchipatala, nesi atamubaya jakisoni ananditembenukira, akuti kugwa kukapitirira mphindi 5 ndi ngozi yofunika kuthamanga nayo, ndipo mankhwala amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi chifukwa kusiyako ndi kumene kumabweretsa kugwa koopsa ngati kumeneku. Kenako anafunsa kuti wamusiyitsa mankhwala ndi ndani. Ndinangoyang'ana pansi.

Bedi loyandikana ndi lathu panali mayi wachisilamu, mwana wake akudwala chibayo, nayenso ali ndi zake zomuliza. Ataona mmene ndimanjenjemerera anabwera osayitanidwa, anagwira mkono wa mwana wanga kuti dripi isazuke akamaphiriphitha, anaugwira mpaka kunja kuyera, dzanja lina atagwira langa. Sanandifunse kuti ndimapemphera kuti. M'bandakucha anapita pakona kukaswali, atabwerako akuti mwana wanunso ndamutchula. Nditamufotokozera za mapilisi aja sanandiseke, anangoti ife mneneri wathu anaphunzitsa kuti palibe matenda amene Mulungu anatsitsa popanda kutsitsanso mankhwala ake, ndiye kumwa mankhwala si kumunyoza Mulungu. Munthu amene ndinakula ndikuuzidwa kuti ndi wotayika ndi amene anandiuza zimenezo.

Masiku 8 tili m'chipatala mneneri aja sanaponde, ngakhale foni. Mayi wa kwaya uja ndi amene anatumiza meseji, akuti bambo anena kuti munaphwanya pangano pothamangira kuchipatala, komanso mudzifufuze muli ndi tchimo lobisika. Tchimo lobisika! Anthu amenewa Baibulo amaliwerenga lomweli? Pa Yohane 9 ophunzira atafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wakhungu, Yesu anati si iye kapena makolo ake. Iwowo chakhumi changa amalandira mwezi ndi mwezi osafunsa za tchimo lobisika, mwana wafika pakufa ndi pomwe aliona tchimolo. Mwana wanga ali moyo koma kuyambira usiku umenewo amayankhula mochedwa, kusukulu anabwerera m'mbuyo, ndipo bambo aja akungolalikirabe, anthu akungodzazabe. Ndinakhululuka chifukwa ndinalamulidwa kukhululuka koma mtima ukadali wowawa, sindinama.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kumawerenga ndekha. Yakobo 1:27 akuti kupembedza koona ndi kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo. Mu Qur'an muli sura 107 imene ikudzudzula munthu woswali mwachiphamaso pomwe akukankha mwana wamasiye komanso salabadira kuti wosauka adye. Ife tili ndi chakhumi, iwo ali ndi zakaat, 2.5% ya chuma chimene munthu wasunga chaka chonse, yopita kwa osowa. Inde timasiyana, ndipo si pang'ono, ife timati Yesu ndi Mwana wa Mulungu anafa n'kuuka, iwo amati Isa ndi mneneri ndipo sanapachikidwe, izi sindingazibise ndipo ine ndili mbali ya mtanda. Koma pa nkhani ya mmene ungakhalire ndi mnzako mabuku onse awiri akukalipira munthu yemweyo, wopemphera pakamwa mtima uli mwala.

Amene mukuti Asilamu ndi ankhanza mukutchula zigawenga za Boko Haram ndi atsikana 276 aja zinawaba ku Chibok ku Nigeria mu 2014, zoona zinachitika ndipo n'zonyansa. Nanga ku Rwanda mu 1994, dziko la Akhristu ochuluka, anthu sanaphedwere m'matchalitchi momwe anathawira, ku Nyamata ndi ku Ntarama? Nanga ku Shakahola ku Kenya mu 2023, mitembo yoposa 400 inafukulidwa m'nkhalango, anthu atauzidwa kuti asale kudya mpaka akakumane ndi Yesu, ana omwe? Ine nkhani imeneyo nditayimva ndinalira chifukwa ndinadziona ndekha ndi botolo langa la mafuta lija. Ku Kenya komweko mu 2015 zigawenga za al-Shabaab zitayimitsa basi ku Mandera kuti zipatule Akhristu, Asilamu anali m'basimo anakana kupatulidwa, mphunzitsi Salah Farah anawomberedwa n'kudzamwalira patapita milungu ingapo chifukwa choteteza Akhristu. Ameneyo mumuyika gulu liti? Pa Luka 10 wansembe ndi Mlevi analambalala munthu wovulala, amene anayima ndi Msamariya, wa chipembedzo chimene Ayuda amachinyoza.

Ndiye achemwali mnyamatayo muoneni mmene amayankhulira ndi mayi ake, mmene amachitira akakwiya, ngati amabweza ngongole, mukadwala amabwera kapena amangotumiza meseji. Komabe ndisakunamizeni, ine mwana wanga wamkazi atabwera ndi nkhani ngati yanuyi ndingamuuze kuti adekhe kaye, banja la zipembedzo ziwiri ndi lolemera, ana adzapita kutchalitchi kapena kumadrasa, inu mudzaloledwa kupemphera kwanu kapena pakapita chaka adzati lowani kwathu, zimenezi mufunsane pano musanalowe m'nyumba, ndipo ayankhe pamaso pa makolo a mbali zonse. Makolo anu musawanyoze, akuopa zenizeni. Pitaninso kwa abusa anu mukawafotokozere akupempherereni, ine pemphero ndi limene linandigwira kuti ndisapenge nthawi imene ija, kutchalitchi sindinasiye, ndinangosintha kopita. Mayi wachisilamu uja tinasiyana tsiku limene mwana wake anatulutsidwa, ndinali kokatenga mankhwala, pobwera ndinapeza bedi layalulidwa kale, nambala yake sindinatenge.