Musanagule fyuluta ina, onani kaye valavu

Achimwene, mwati fyuluta ya mchenga ya dziwe lanu losambiramo ikubweza zonyansa m'madzi, koma musathamangire kugula yatsopano. Ngati zikubwerera m'madzizo ndi zinyalala ndi matope, vuto nthawi zambiri limakhala labala ya mkati mwa valavu ya pamwamba pa thanki ya fyuluta. Ikatha kapena kung'ambika, madzi akuda amalambalala mchenga n'kubwerera m'dziwe osasefedwa. Imang'ambika msanga mukamatembenuza chogwirira cha valavuyo pampu ikuyenda, ndiye muzizimitsa kaye pampu.

Ine ndinavutikapo milungu iwiri, kumangothira mankhwala, pomwe labalayo inali itapindika mbali imodzi ngati khutu. Nditasintha, madzi anayera mawa lake.

Chinanso, mukamaliza backwash (kutsuka mchenga poyendetsa madzi chobwerera) musaiwale rinse (kutsukuluza, madzi akutayidwa kunja), kwa mphindi imodzi basi. Ambiri amadumpha pamenepa, fumbi lonse n'kulavulidwira m'dziwe.

Koma mukaona kamulu ka mchenga pansi pa dziwe, pafupi ndi pomwe madzi amalowera, ndiye kuti timapaipi tapulasitiki ta pansi pa thanki tathyoka. Pamafunika kuchotsa mchenga wonse. Ngati wadutsa zaka 5, ingosinthanitu.

Thanki ikakhala ndi mng'alu, kapena geji yoyezera mphamvu ya madzi ikangokwerabe mutatsuka, itanani katswiri. Musatsegule chivindikiro musanatulutse mpweya, chimatha kukuvulazani.