Shifter yanuyo sinafe achimwene, ndi girisi wauma

Achimwene musathamangire kupereka njingayo kwa munthu, ndapota nanu. Zimene mukunenazo, kukanikiza shifter (chosinthira magiya cha pa handulo chija) chala n'kungopita osamva kuti "tiki", zinandionekera ine July wa chaka chatha ndipo ndikamakumbuka mtima umawawabe.

Ndinanyamuka ku Cosmo City cha m'ma 5 koloko kupita kuganyu ku Randburg, chisanu cha kuno ku Joni chija zala zochita kuuma. Ndili pachikweza mu msewu wa Malibongwe, ndikanikiza kuti tcheni ikwere pa giya yofewa, zii. Ndikanikizanso, zii. Tcheni yakakamira pa kagiya kakang'ono ka kumbuyo, kolimba kaja. Ndinaimirira pa mapedulo thukuta kamukamu m'chisanu chomwecho, mataxi akundiimbira hutala ngati ndawabera, mpaka ndinatsika n'kuyamba kuikankha ngati wamakala. Ndikufika, madamu ali pageti akuyang'ana wotchi.

Madzulo ake ndinaipititsa kwa mnyamata wina wakwathu komwe, amene amadzitcha makaniko. Akuti R250, ndinapereka. Munthu uja anamasula shifter yonse pansi pafumbi, osayala ngakhale kansanza. Kasipuling'i kanangoti fyuu! Tinagwada tonse awiri kukafunafuna ndi tochi ya foni mpaka mdima bii, osakapeza. Kenako akundiuza opanda manyazi kuti "madala, inali yakufa kale imeneyi." Yakufa kale bwanji poti waipha ndiwe? Ndalama yanga mpaka lero. Tikakumana kutchalitchi amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Ndinagula ina yakale, ndipo patatha milungu itatu nayonso inayamba zomwezo. Apa ndi pomwe ndinadziwa chilungamo chake. Mu ma shifter a Shimano muli timano ting'onoting'ono tomwe timagwira mukakanikiza. Girisi wa kufakitale akakalamba, kuphatikiza fumbi ndi kuzizira kuno, amauma ngati phula ndiye timano tija timakanirira osabwerera. Palibe chathyoka.

Nde musathamangire kutsegula, mwamva? Gulani Q20, mafuta opopera a m'chitini aja. Pambali pa shifter pali kachotsekera kapulasitiki pomwe pamalowera kebulo, kamasuleni, lowetsani kapaipi kofiira kaja n'kupopera kwambiri. Muzikanikiza uku ndi uku kambirimbiri, zakuda zizitsika, ikani nsanza kuti zisagwere pa mabuleki. Mudzangomva tiki tiki yabwerera. Mkatimo mukauma donthezani mafuta opepuka, girisi wagalimoto ayi.

Komabe kunena zoona yangayo Q20 yekha sanathandize, ndinachita kutsegula chivundikiro chake, n'kumatokosa kadzino kaja ndi kasikuludiraiva mpaka kanayamba kudumpha kokha. Inunso mukhoza kutero, bola yalani thaulo, jambulani ndi foni musanakhudze kanthu, ndipo bawuti yapakati yomwe yagwira sipuling'i muisiye.

Muonenso kebulo, nthawi zina imathetheka kumutu mkati momwemo. Poichotsa yambani mwatsitsa tcheni pa kagiya kakang'ono, apo ayi mutu wake sutuluka. Kumbuyo masulani bawuti yomwe yagwira kebuloyo ndi Allen key, kawirikawiri imakhala ya 5mm. Zikakanika ndithu n'kufuna kugula ina, werengani magiya anu kaye, ya 7 sigwirizana ndi ya 8. Tumizani chithunzi cha shifter yanuyo mu inbox ndione, Lamlungu ndimakhala ndili pakhomo.