Ntchito ndi imodzi, bwanji wina amaweruka akuseka mnzake atatheratu?

Mayi ena amene amayang'anira olandira alendo pa hotelo atilembera pa imelo. Akuti antchito awo awiri amagwira shifiti imodzi, malipiro ofanana, makasitomala omwewo, koma wina amaweruka akuseka pomwe mnzake wayamba kunena zosiya ntchito. Akufunsa ngati n'chibadwa basi, komanso ngati polemba ntchito azingotenga anthu ansangala.

Mayi, chibadwa chilipo ndithu, koma musafulumire kuchiloza chala.

Pakauntala pali ntchito ina yosalembedwa m'kontrakiti. Mu 1983, Arlie Hochschild wa ku America anatulutsa buku lakuti The Managed Heart atafufuza za othandiza anthu m'ndege za Delta ndi otolera ngongole. Anaona kuti onsewa amagwiritsa ntchito mtima ngati chida: wam'ndege aoneke wachifundo kuposa mmene akumvera, wangongole aoneke wouma mtima kuposa mmene alili. Ndipo pali njira ziwiri zochitira zimenezi.

Yoyamba ndi yachiphamaso: m'kati mukuwira, kunja mano ali mbee. Yachiwiri ndi kusintha mmene ukumuonera munthuyo, kudziuza kuti mlendo akulalatayu wachezera ulendo usiku wonse, chikwama chake chasochera, mkwiyo wake suli pa ine. Mu 2011, Ute Hülsheger ndi Anna Schewe anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku ambiri ndipo anapeza kuti njira yoyambayo imayendera limodzi ndi kutopa kwa maganizo ndi kuipidwa ndi ntchito, pomwe yachiwiri siwononga chotero. N'zomveka. Kubisa mkwiyo sikuuchotsa. Mtima umagundabe, ndipo munthu amakhala akugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kumvetsera kasitomala ndi kulondera nkhope yake. Kasitomala nayenso sapusa, kumwetulira kokakamiza amakuzindikira, n'kuyankha mozizira.

Chibadwa chimalowera apa. Timothy Judge ndi anzake anasonyeza mu 2002 kuti anthu odekha, ochezeka ndi olongosoka pa zochita zawo amakonda kukhutira ndi ntchito, ngakhale kuti kugwirizanako si kwakukulu kwambiri. Kwa wochezeka, nkhope imene abwana akufuna ili pafupi ndi yake yeniyeni, choncho sadzikakamiza kwambiri. Wankhawa msanga akatukwanidwa m'mawa, mawuwo amafika nawo mpaka pogona. Amene amatidetsa nkhawa ife ndi wofatsa wosatha kukana. Mabwana amamukonda, makasitomala ovuta onse amawakankhira kwa iye, ndipo amafooka mwakachetechete.

Ndiye polemba ntchito musatengeke ndi kumwetulira, pa intavyu aliyense amamwetulira. Khalani ngati kasitomala wokwiya kwa mphindi zitatu, kenaka mufunseni zimene zimayenda m'mutu mwake. Wonena kuti amafufuza chimene chakukwiyitsani ali panjira yachiwiri ija. Wonena kuti amangopirira kuti zithe ali payoyamba, koma angathe kuphunzitsidwa.

Zambiri zili m'manja mwanu. Wantchito akalalatiridwa, mupatseni mphindi zisanu kapena khumi kuseri, kumalo kumene angavule nkhope ya pakauntala osaopa kudzudzulidwa. Musamuimike kutsogolo shifiti yonse. Akatha maola awiri, apite ola limodzi ku makalata ndi mafoni ochepa. Mupatseni mphamvu pa zing'onozing'ono, monga kusinthira mlendo chipinda osayamba wakufunsani, chifukwa kupepesa pa chinthu chimene sungathe kukonza n'kumene kumatopetsa koposa. Mawu oloweza pamtima achepe. Pakhalenso lamulo lodziwika kuti kasitomala akapitiriza kutukwana atachenjezedwa kawiri, nkhani ipite kwa manijala.

Za wantchito wanu wotopayo, yang'anani zizindikiro zitatu zimene bungwe la World Health Organization linatchula mu 2019 pofotokoza kufooka kobwera ndi ntchito: kutha mphamvu, kutalikirana ndi ntchito mumtima, ndi kulephera kuigwira bwino ngati kale. Chachiwiricho n'chimene mabwana amachisokoneza. Munthu akayamba kutchula alendo ndi manambala a zipinda, kapena kuwanyogodola akangotembenuka, amaoneka ngati wamwano n'kupatsidwa kalata yachenjezo. Kalatayo imamuuza kuti abise kwambiri zimene akumva, pomwe kubisako n'kumene kunamufikitsa pamenepo. Muitaneni kaye pambali, mumufunse kuti ndi ola liti la shifiti limene limamulemera, ndipo muyambe kusintha olalo sabata ino.